Tambala Amene Anandiulula pa Mpata

Adzukulu anga, Tadala ndi Limbani, mundikhululukire poyerekeza kugwira cholembera ngati munthu wophunzira. Sukulu yanga inali tchalitchi chofolera ndi udzu, ndipo zilembo zoyamba ndinazilemba pafumbi ndi chala. Inu mumalemba pafoni ndi zala ziwiri mofulumira kuposa nkhuku yotola mapira. Koma pakamwa panga m'polemera chiyambire ubwana. Ndikati ndikufotokozereni kanthu, mawu amandithawa, inu n'kundiyankha m'Chingerezi chothamangacho, ine n'kungomwetulira ngati ndamva. Ndiye ndati bola ndilembe, amayi anu akuwerengereni akaweruka kuchipatala. Pamene ndalakwitsa musaseke kwambiri. Munaseka kale zokwanira tsiku lija.

Mukulidziwa tsiku limene ndikunena. Ndinali pasofa ndi kapu yanga ya tiyi, osalakwira munthu. Tadala analowa foni ili m'manja, akucheza pavidiyo ndi agogo aakulu akumudzi, mayi awo a agogo anu Nangozo. Mosachenjeza anandilozetsa galasi kumaso, amvekere, "Agogo, perekani moni!" Ine ndinadzambatuka, tiyi anakathera pakapeti, ndipo munandipeza m'kachipinda kapakhomo kaja, pakati pa majekete ndi majombo oyendera m'chipale chofewa. Limbani anagubuduka pansi ndi phwete. "Agogo akuopa foni! Agogo akuopa foni!"

Sindiopa foni, Limbani. Ndege ndinakwera ine, osatseka maso. Amene anali m'galasimo ndi apongozi anga, ndipo nkhope yawo ndinali ndisanaiyang'anepo chikwatirire. Ngakhale dzina lawo simulipeza m'mapepala ano. Dzanja langa silingalole.

Kwathu zinali choncho. Mnyamata akangofunsira mbeta, mayi a mtsikanayo ankasanduka dzuwa: umadziwa kuti lilipo, limakufunditsa, koma suliyang'ana. Ukawaona akubwera m'njira, unkapatuka n'kulowa m'tchire, kaya muli minga kaya chitedze. Iwonso ankafunda chitenje kumutu n'kutembenukira kumbali. Sudya nawo, suwaloza chala, suwatchula dzina. Sichinali chidani ayi. Unali ulemu wochuluka mpaka wosowa pouika. Masiku ano abambo anu amakhala sofa imodzi ndi apongozi awo, agogo anu Nangozo, n'kumalimbirana rimoti. Sindikunena kuti n'zoipa. Ndimangotuluka kaye panja kukapuma mpweya.

Tsono kuti mumvetse bwino, ndiyenera kukutengerani kuphiri. Osati ichi anthu a kuno kunja, mumzinda wa Hamilton, amachitcha phiri, chimene basi imakwera dalaivala akumwa khofi. Tsiku loyamba amayi anu atandiuza kuti nyumba yathu ili pamwamba pa phiri, ndinasuzumira pawindo n'kufunsa kuti, "Nanga phirilo mwaliika kuti?" Kwathu chimenecho ndi chulu. Ine ndinabadwira kumapiri a ku Ntcheu, kumtunda kwenikweni, kumene mitambo imagona m'minda ya kachewere. Kuseri kwa mapiriwo ndi ku Mozambique. Msewu wopita kumeneko unkakwera mokhotakhota mpaka pamalo pamene mapiri awiri anasiyirana kadanga, ndipo tonse tinkangoti pa Mpata. Dzanja ili thanthwe, dzanja ili phompho. Pakati panali kanyumba kamalata ka alonda a malire, mbendera, ndi mtengo wopingasa msewu, wokhala ndi chimwala kumapeto kuti uzinyamuka mosavuta. Dzuwa likalowa mtengowo unkamangidwa ndi tcheni. Basi, mpaka m'mawa.

Malire munandionetsa ku Niagara aja, a mlatho wathyathyathya ndi mizere ya magalimoto, ine ndinkayesa taima pothirira mafuta. Pa Mpata munthu unkafika mtima uli m'khosi, makutu atatseka, mawondo akukambirana okha. Malole ankakwera akubuula ngati ng'ombe yodwala. Koma ife a m'mbali mwa malire sitinkavutika. Tsidya lino ndi tsidya ilo tinali anthu amodzi, chilankhulo chimodzi, maliro amodzi, ngoma imodzi. Mlonda akakudziwa unkangovula chipewa, iye n'kusuzumira m'dengu, n'kukutuma moni kwa anthu akumene ukupita.

Ndipo kuzizira! Mukamandiveka zijasi n'kumanena kuti agogo sadziwa chisanu, ndimangokuyang'anani. M'miyezi yozizira pa Mpata madzi ankagona m'ndowa n'kudzuka atamera khungu pamwamba. Nsapato tinalibe. Tinkaotcha kachewere m'phulusa n'kuponya m'matumba a kabudula, kufunditsa manja poyamba, kudya pambuyo. Chabwino, ndivomere, chisanu cha kuno n'china. Cha kwathu chinkaluma. Cha kuno chimatafuna n'kumeza.

Ndili mnyamata ndinkagulitsa kachewere pa njinga ya malume anga, a Zakeyu. Msika unali kutsidya, ukangodutsa mtengo uja n'kutsika pang'ono. Agogo anu Nangozo ankagulitsa mapichesi kumeneko. Osati zikuluzikulu zaubweya timakathyola ku minda ya ku Niagara zija, koma timapichesi tating'ono, tolimba, totsekemera mochedwa. Tsiku lililonse la msika ndinkaima kutsogolo kwa lichero lawo, kuloza mulu, kulipira, kuchoka. Osatsegula pakamwa. Nyengo ya mapichesi inatsala pang'ono kutha choncho, m'mimba mwanga mukulira ngati chigayo. Tsiku lina ndikufika, iwo anavundikira lichero ndi nsalu.

"Lero sindikugulitsani."

Ine ndinaloza nsaluyo.

"Achimwene, mapichesiwa akutha sabata yamawa. Ndiye muzidzaloza chiyani?"

Ndinayang'ana pansi, ndinayang'ana kumwamba, ndipo poti pakamwa panakanika, ndinakweza chala n'kuloza iwowo.

Ndawawerengera agogo anu ndime imeneyi, ndipo akuti chalacho chinkanjenjemera kwambiri moti sanadziwe ngati ndikuloza iwo kapena mbuzi inali kumbuyo kwawo. Musawamvere.

Vuto linali lakuti sindinali ndekha. Kunali Lazaro, wongofika kumene kuchokera ku migodi ya ku Joni, wa wailesi yonyamula paphewa ndi nsapato zolira. Malume awo a agogo anu, a Bikitoni, ndiwo anali mwini mbumba, wolamula za maukwati a ana a mlongo wawo, ndipo mtima wawo unali kwa Lazaro. Za ine ankati, "Kamnyamata kosatha kupereka moni kameneka kangasunge banja? Tsiku la chinkhoswe kadzathawa, muona." Akuluakulu anakambirana dzinja lonse. Pomaliza a Bikitoni analola, koma anaika lamulo pamaso pa ankhoswe: tambala wa kuchimuna afike pabwalo pawo dzuwa lisanalowe. Likalowa tambala kulibe, ndiye kuti mwini wake wathawa, ndipo mawa lake alandira mawu a Lazaro.

Mwina simudziwa za tambalayu, ana inu, poti nkhuku mumaidziwira m'pulasitiki. Pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka msoti. Ankhoswe akasinthana nkhukuzo, mabanja awiri amangana, ndipo palibenso wa wailesi amene angalowe pakati.

Tambala wanga anali wofiira, wa lipombo logwera mbali imodzi, woleredwa ndi manja anga. M'mawa wa tsikulo, tikuti timumange miyendo, anapulumuka n'kukalowa m'munda wa tirigu. Malume Zakeyu anayang'ana dzuwa n'kupukusa mutu.

"Ife tatsogola wapansi, tikayambe kuwacheza anthuwo. Iwe uli ndi njinga. Gwira chilombo chakocho utipeze."

Nkhuku ikadziwa kuti ikufunidwa imakhala ndi nzeru kuposa munthu. Ndinaithamangitsa m'tirigu, m'kabichi, kuseri kwa khola, pansi pa nkhokwe ya eni ake, mpaka dzuwa linapendeka. Nditaigwira ndinaiponya m'dengu, kumanga pakaliyala pamodzi ndi shuga ndi sopo, mphatso za apongozi, kuvala buluku lobwereka, ulendo.

Pokwera ku Mpata njinga sukwera, imakukwera ndi iyo. Ndili pakati pa chitunda, chiperoni chinafika, kamvula kowaza kaja kobwera ndi nkhungu. Dzuwa linasowa. Sindinathenso kudziwa ngati lili pamwamba kapena lapita kale. Apaulendo akale anali ndi mankhwala ake a zimenezi. Ukaona kuti dzuwa likuthamanga iwe usanafike, unkatola mwala n'kuuika pamphanda ya mtengo, ndipo dzuwa linkakudikira. Ine ndinasankha mwala waukulu ndithu, kuti ligwire bwino, n'kuukhazika pamphanda ya mtengo wa m'mbali mwa msewu. Kenako ndinapitiriza kukankha.

Nditakhota gulaye womaliza wa msewu ndinamva kuseka kwa amayi. Pafupi penipeni ndi mtengo wa chipata alonda anali atakoleza moto, ndipo amayi angapo anali atatula matumba n'kukhala pansi akuotha. Pakati pawo ndinaona msana wa chitenje chachikasu. Chitenje chimenecho ndinkachidziwa bwino, chifukwa ndinali nditachithawapo kangapo konse. Apongozi! Kutsidya kunalibe chigayo, ndiye anabwera mbali yathu kudzagayitsa ufa wa phwando langa lomwelo, ndipo tsopano anali kupumula asanayambe kutsika.

Kwina kulikonse ndikanapatukira m'tchire. Pa Mpata tchire kulibe. Ndinabwerera chafutambuyo n'kubisala kuseri kwa mwala, kudikira kuti anyamuke. Koma amayi akapeza moto wa eni ake tsiku lachisanu, nkhani sizitha. Anakamba za chigayo, anakamba za mwana wa uje, anayambanso za chigayo. Ndikasuzumira ndinkaona mlonda akuyang'ana wotchi, kenako akugwedeza tcheni. Munthu wanzeru akanatuma mwana kuti akanong'oneze mayi mmodzi kuti mkamwini akufuna kudutsa. Koma mwana panalibe, ndipo nzeru zanga zinali zitatsalira m'munda wa tirigu.

Ndiye ndinaona kanjira kambuzi kokwera pathanthwe, kodutsa pamwamba pa kanyumba ka alonda n'kukatsikira kutsidya. Ndinati nkhungu indibisa. Ndinasenza njinga paphewa, dengu ndi zonse, n'kuyamba kukwawa. Zala zinachita dzanzi, mwala unali woterera, koma ndinkapita. Ndinafika pamwamba penipeni pa denga lamalata, utsi wa moto uja ukundilowa m'maso. Panangotsala pang'ono.

Tambala uja, amene chichokere kunyumba anali chete ngati wafa, anasankha nthawi imeneyo. Anatulutsa mutu m'dengu n'kulira ndi mphamvu zake zonse, mapiri onse awiri n'kumuyankha.

Wezulo analira. "Iwe! Tsika! Tsika msanga ndisanakutsitse!"

Ndinatsetsereka chokhala, njinga pamwamba panga, n'kukagwera kuseri kwa kanyumbako. Buluku la eni ake linathera pomwepo. Amene anaima patsogolo panga sanali mmodzi wa alonda ondidziwa. Anali wachilendo, wongotumizidwa kumene kuchokera ku Nsanje kotentha kuja, atavala chijasi, pamwamba pake bulangeti, mphuno ikuchucha. Munthu wotero sakhala ndi chifundo. Anamasula katundu wanga.

"Ehe! Shuga. Sopo. Ndi nkhuku yomwe. Ndimakumvani mbiri ozembetsa katundu a kuno, lero ndagwira wanga. Chipata chili chotsegula, iwe ukudzera kumwamba ngati nyani. Ukuthawa chiyani?"

"Apongozi, bwana."

"Chiyani? Kweza mawu, sunadye?"

"Apongozi anga. Ali pamotopo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Wa sabata yatha anati amathawa njuchi. Chabwino. Tiye ukandilozere apongozi akowo."

"Sindingawaloze, bwana."

"Tchula dzina, ndiwaitane ndekha."

"Sindingawatchule, bwana."

"Sungaloze, sungatchule. Ndiye ugona muno, mawa upita kuboma ukafotokoze bwino. Koma nkhukuyi sindikulonjeza kuti iona mawa. Kukuzizira kuno."

Adzukulu anga, dzina limodzi lokha likanandimasula. Linali pansonga ya lilime. Koma munthu wotchula apongozi ake pagulu, amayi a m'mudzi mwawo akumva, a Bikitoni akanamupatsa mwana? Ndikatchula ndataya, ndikapanda kutchula ndataya. M'makutu mwanga ndinayamba kumva wailesi ya Lazaro.

Pamenepo mayi wina anasuzumira pangodya ya kanyumba n'kukuwa, "Mayo ine, ndi uja wa mapichesi!" Kunamveka manong'onong'o, kenako mapazi. Ndinatembenuka msanga n'kugwada, mphuno kukhoma. Amene anaona anandiuza pambuyo pake kuti apongozi anabwera choyenda chafutambuyo, chitenje chili kumutu, mnzawo atawagwira mkono kuti asagwere kuphompho. Anakhala pansi pafupi ndi dengu, msana kwa ine.

"Tambala iwe," anatero, "uwauze abwanawa kuti mwini wako ndimamudziwa. Si wakuba. Ndi wamanyazi chabe. Shugayo ndi wanga, sopoyo ndi wanga, ndipo iweyo ukudikiridwa kwathu."

Mlonda anayang'ana uku ndi uku. "Mayi, mukulankhula ndi nkhuku?"

"Nanga ndilankhule ndi yani, bambo? Inu kwanu apongozi mumawagwira chanza?"

Mlonda uja anakanda m'mutu pansi pa bulangeti. "Ine ndinalumphirapo m'dambo la misundu chifukwa cha apongozi," anatero motsitsa mawu. Anandigogoda paphewa. "Yankha, iwe. Akulu alankhula."

Ndinayankha mphuno ikadali kukhoma. "Tambala, uwauze kuti ndathokoza. Uwauzenso kuti pepani kwambiri, ndawadzutsa pamoto."

"Tambala, umuuze asiye kupepesa, dzuwa silimva pepani. Umuuze atenge thumba langa la ufa aike panjingapo, khosi landiwawa. Akafika nalo pabwalo, achimwene anga adziwa kuti wadutsa m'manja mwanga."

"Tambala, uwauze kuti ndamva."

"Tambala iwe," analowererapo mlonda, misozi ili m'masaya, "uwauze onse awiri achoke pano ndisanafe ndi kuseka. Ndikufuna kutseka!"

Anakweza mtengo uja yekha mpaka unaima chilili. Amayi onse anandandalika atayang'ana kuthanthwe, misana kumsewu, ndipo ndikudutsa anayamba nthungululu. Sindinatembenuke. Ndinangoweramitsa mutu kwa misana yonseyo, kuti ndisaphonye woyenera.

Njinga ya malume mabuleki inalibe. Potsika tinkathyola nthambi yamasamba n'kuimanga kumbuyo kuti izikoka pansi. Ndinatero, ndinakwera, ndinapempha Mulungu. Nditangokhota kawiri, nkhungu inatha ngati wina waidula ndi mpeni. Dziko lonse la kutsidya linatseguka pansi panga, minda, midzi, utsi wa m'makhitchini, ndipo uko kumadzulo, lofiira, litatsala mkono umodzi kuti likhudze pansi, dzuwa! Linali kundidikira.

Limbani, ndikudziwa zimene unena. Unena kuti nkhungu inali mbali imodzi ya phiri, ndipo dzuwa linali pamalo pake nthawi yonseyo. Iwe ndi aphunzitsi ako mukhale ndi zanu. Ine ndikuti unali mwala.

Ndinatsika ngati mphepo. Thumba linali ndi kabowo, ufa ukundiwaza kumsana ndi m'mutu, nthambi ikutukula fumbi, tambala akulira gulaye aliyense, chipewa chinatsala m'njira. Ndinalowa pabwalo ndili mbuu ngati mzukwa, dzanja limodzi kuchiwongolero, lina litagwira pamene buluku linang'ambika. Malume Zakeyu anali atauma kukhosi. Pofuna kuchedwetsa anthu anali atafotokoza mbiri ya mtundu wathu wonse, ndipo anali atayambiranso. Lazaro anali atapatsidwa kale mpando pafupi ndi a Bikitoni, wailesi ili pamiyendo.

A Bikitoni anayang'ana dzuwa. Linali litakhudza mitengo, koma linalipo. Anayang'ana tambala. Kenako maso awo anaima pathumba.

"Thumba ili ndi la mlongo wanga. Chigamba icho ndikuchidziwa. Walitenga kuti?"

"Andituma nalo."

"Akutuma?" Anaimirira. "Ndiye kuti mwalankhulana?"

Malume anga anatseka maso.

"Iyayi," ndinatero. "Anauza tambala."

Woyamba kuseka sindikumudziwa. Ndinangoona a Bikitoni akuyesa kulimbitsa nkhope, masharubu akunjenjemera, mpaka anagonja n'kukhala pansi atagwira nthiti. "Lazaro, tazimitsa wailesiyo," anatero. "Lero tikumvera nkhuku." Ankhoswe anasinthana tambala ndi msoti kuwala kukadalipo. Amayi aja atafika n'kufotokoza zonse, kuwonjezera ndi zawo, dzina langa lenileni linafera pomwepo. Mpaka lero kutsidya konse ndine a Tambala. Mwakhala mukumva agogo aakulu akunditchula choncho pafoni, mumayesa ndi dzina la m'chiphaso.

Ndinakhala pachikamwini m'mudzi umenewo, ndinamanga nyumba, ndinalima. Tambala uja anadyedwa, koma njira imene anatsegula inatsala. Apongozi ankalankhula nane kudzera m'chilichonse chimene chinali pafupi. "Chitseko iwe, uwauze kuti mbuzi zalowa m'dimba." "Galu iwe, uwafunse ngati chimfine chatha." Amayi anu atabadwa anayamba ntchito yaumtenga asanamere dzino. "Eliza, uwauze abambo ako kuti denga likudontha." Ine n'kuyankha, "Eliza, uwauze agogo ako kuti udzu ndamweta kale." Mwana ali gone pamphasa, akuyamwa chala.

Mwambowu uli ndi pothera pake. Ana akabadwa, apongozi amapha nkhuku, amaitana mkamwini, amadyera limodzi, ndipo kuyambira tsikulo amayang'anana ndi kucheza. Zathu zinakonzedwa ndithu. Koma chaka chimenecho nkhondo inafika kutsidya, ndipo tonse tinathawira mbali ya kwathu kudzera pa Mpata pomwe paja, mbuzi, mitondo, ana kumsana, mtengo uli chiimire tsiku lonse. Nkhuku inaiwalika. Kenako ndinapeza ntchito ya ukalipentala ku Lilongwe, zaka n'kumapita. Agogo anu akakumbutsa, mayi awo ankati, "Tikayamba kulankhulana tizikambirana chiyani? Panopa timamvana bwino." Ndipo n'zoona. Akamwini anzanga amene anadya nkhuku yawo msanga anakanganapo ndi apongozi. Ine ayi, ngakhale tsiku limodzi. Munthu sungakalipe kudzera mwa galu. Galuyo amakuyang'ana, iwe n'kuchita manyazi.

Zotsalazi munaziona ndi maso, koma Chichewa chinakuthamangirani, ndiye ndikubwerezereni.

Lamlungu m'mawa, tikukonzekera za kutchalitchi, ndinamva fungo la nkhuku kukhitchini. Ndinadabwa. Nkhuku m'mawa? Agogo anu ankangoimba nyimbo osandiyang'ana. Kenako Tadala anabwera, ulendo uno mwaulemu, foni ataivundikira pathebulo, galasi pansi. Mawu a apongozi ankatuluka pansi pakepo.

"Tadala, uwauze a Tambala kuti nkhuku yawo ija yachedwa kwambiri. Ndapha lero. Ili pano pambale."

Tadala anayesetsa, mwana wanga, kubwereza mawu amodziamodzi. Ine ndinali nditagwira kale chitseko.

"Uwauzenso asathawire m'majekete. Maso angawa ayamba nkhungu ngati ya pa Mpata. Ndikufuna ndione nkhope ya munthu amene wandisungira mwana zaka zonsezi, dzuwa langa lisanalowe."

Ndinasiya chitseko. Ndinakhala pampando. "Tadala," ndinayamba, "uwauze kuti..."

"Musamuvutitse mwanayo, Chichewa chake n'chochepa. Ndiuzeni ine."

Ana inu, mawu amenewo anali oyamba kubwera kwa ine osadzera mwa nkhuku, galu, chitseko kapena khanda. Ndinatembenuza foni.

Ndinaona kamayi kakang'ono, mutu woyera ngati thonje, katakhala pakhonde, dzuwa lakumadzulo likukawala mbali imodzi. Maso ndi a agogo anu. Kachibowo kapatsaya ndi kako, Tadala, sindinkadziwa kumene unakatenga. Anayandikitsa nkhope mpaka galasi lonse linadzaza mphuno, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaomba m'manja.

"Kodi ndinu ameneyu? Mayo! Mwana wanga anandinamiza. Ankati ndinu wokongola!"

Mukukumbukira mmene khitchini inaphulikira. Agogo anu anakhala pansi penipeni, supuni ili m'manja. Ine ndinaseka mpaka magalasi anachita nthunzi, ndipo nditapeza mpweya ndinati, "Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera bwino, mwana wanga. Tiyeni tidye, izizira."

Iwo ananyema ntchafu kumeneko, ine ndinanyema yanga kuno, ndipo tinadya tikuyang'anana. Kutchalitchi tinachedwa. Anandifunsa ngati ndikukumbukira mlonda wa bulangeti, ndipo ndinapeza kuti tili ndi nkhani zambiri zoti tikambirane, zokwana zaka zina zambiri.

N'chifukwa chake foni itatsekedwa munandiona ndikutuluka kuseri ndi masilipasi, osavala chijasi, amayi anu akundikuwira pakhomo. Ndinatola mwala m'mphepete mwa maluwa, waukulu ndithu, n'kuukhazika pamphanda ya mtengo uja wa masamba ofiira. Limbani, unandifunsa kuti ndi wa chiyani, ine n'kungomwetulira. Tsopano wadziwa. Ukamasewera kuseriko usaugwetse, ndipo abambo ako akafuna kuuchotsa uwaletse. Dzuwa lija lidikire kaye.

Nkhani imene inayamba pa Mpata inathera pamenepo, m'khitchini mwa amayi anu, Lamlungu lapitali, tsiku limene chipale choyamba cha chaka chino chinagwa.